THIRAKITALA YATSOPANO: SEVISI YOYAMBA ISADIKIRE MVULA

CHIPUTO, Maravia. Mwezi wa Juni ukafika, ntchito zakumunda zimachepa m'midzi ya ku Chiputo. Chimanga chimakhala chitalowa m'nkhokwe, fodya ali pa ulendo wa kumsika, ndipo m'mawa anthu amachedwa kuchoka pamoto chifukwa cha chisanu.

Iyi ndiyo nyengonso imene mlimi amene zokolola zamuyendera bwino, kapena bungwe la alimi limene lasonkha ndalama, limagula katundu wamkulu. Ena amagula ng'ombe zapagoli, ena chigayo, ndipo owerengeka amafika pogula thirakitala.

Thirakitala yatsopano ikalowa m'mudzi, chimwemwe chimakhala chachikulu, koma imabwera ndi lamulo limodzi limene ambiri amalipeputsa. Ikangogwira ntchito maola ochepa oyamba, imayenera kuima kuti amakaniko aichite sevisi yoyamba. M'mabuku a Chipwitikizi amene amabwera ndi makinawa, sevisi imeneyi imalembedwa kuti revisão.

Makampani ambiri, monga Massey Ferguson, New Holland ndi LS, amaika sevisi yoyamba pa maola 50. Mitundu ina, monga mathirakitala ena a John Deere, imaika pa maola 100. Nambala yeniyeni imapezeka m'buku la thirakitala iliyonse, ndipo bukulo ndilo liyenera kutsatidwa.

Vuto ndi lakuti thirakitala yogulidwa m'nyengo yachisanu siikhala ndi ntchito yambiri. Imatha kukhala pansi pa mtengo miyezi inayi itangoyenda maola 15 kapena 20. Maola 50 aja amadzakwana mu Novembala, pamene mvula yagwa ndipo mudzi wonse uli pamzere kudikira kulimiridwa.

CHIFUKWA CHAKE N'CHIYANI?

Injini yatsopano imachoka ku fakitale zitsulo zake zisanazolowerane. Mapisitoni, maringi ake ndi makoma a m'kati mwa injini amakhulana m'maola oyambirira mpaka atakhalana bwino. Pokhulanapo pamagwa tizidutswa tating'ono kwambiri tachitsulo, tofanana ndi fumbi limene limagwa munthu akamanola khasu ndi tupa.

Tizidutswa timeneti timalowa mu oyilo. Tina timakodwa mu fyuluta, tina timazungulira ndi oyiloyo. Oyilo woyamba akakhalitsa m'injini, m'malo mofewetsa zitsulo amayamba kuzipala.

Zomwezi zimachitika m'bokosi la magiya ndi m'mapaipi a hayidiroliki, amene amanyamula pulawo. Pachifukwachi, pa sevisi yoyamba amakaniko amakhetsa oyilo wa injini, kuchotsa fyuluta yake, ndiponso kusintha fyuluta ya hayidiroliki. Pa mitundu ina amasinthanso oyilo wa ekiselo ya kutsogolo.

Si oyilo yekha. Manati a mawilo amakhwefuka pang'ono m'masiku oyamba, makamaka pa misewu ya miyala. Lamba wa fani amatamuka. Kilachi ndi mabuleki zimafuna kuchunidwa. Zonsezi ndi ntchito za theka la tsiku, koma zikalekereredwa zimabala mavuto amene amaimitsa thirakitala milungu yathunthu.

Chinthu chinanso ndi lonjezo la kampani lokonza ulere makina akaonongeka asanathe nthawi yoikika, limene ogulitsa ku Tete amalitcha garantia. Kawirikawiri lonjezoli limagwira ntchito pokhapokha ngati sevisi yoyamba inachitika pa nthawi yake, ndipo inalembedwa m'buku ndi kudindidwa ndi wogulitsa. Mwini wake amene wadumpha maolawo akhoza kudzauzidwa kuti alipire yekha injini ikadzavuta.

MASAMU A MAOLA

Maola a thirakitala amawerengedwa ndi kawotchi kamene kali pafupi ndi chiwongolero. Kawotchika sikadziwa mwezi kapena tsiku. Kamayenda injini ikamalira basi.

Nthawi yolima, thirakitala imagwira ntchito maola 8 mpaka 10 pa tsiku. Izi zikutanthauza kuti maola 50 amatha m'masiku asanu kapena asanu ndi limodzi. Thirakitala yokoka pulawo ya madisiki atatu imalima hekitala imodzi pa maola atatu kapena kupitirira pang'ono, kotero kuti maola 50 ndi mahekitala pafupifupi 15 okha.

Tsono thirakitala imene yafika mu Novembala ili ndi maola 20 imangotsala ndi masiku atatu kapena anayi kuti ifune sevisi. Apa mwini wake amakhala pa mphanda. Akaimitsa kuti adikire makaniko, chinyontho chimapita ndipo anthu amene analipiriratu amayamba kudandaula. Akapitiriza, kawotchi kamafika pa 100, kenaka 150, oyilo woyamba uja akadali m'kati.

Ambiri amasankha kupitiriza, ndipo n'zosadabwitsa. Alimi onse amadziwa kuti chimanga chobzalidwa ndi mvula yoyamba yokwanira chimabereka kuposa chobzalidwa mochedwa. Palibe amene amafuna kumva kuti thirakitala yaima chifukwa cha oyilo.

Komanso kupeza makaniko mu Novembala si chinthu chapafupi. Ogulitsa mathirakitala ndi amakaniko awo amakhala m'mizinda, ndipo nthawi imeneyi aliyense amawafuna, kuyambira ku Angonia ndi Tsangano mpaka ku Macanga. Wopita ku Maravia amayenera kutsata msewu wa ku Cassacatiza, n'kukhota pa Bene kulowa msewu wopita ku Fingoe ndi Zumbo. Msewu umenewu wakhala ukusautsa apaulendo nthawi ya dzinja, mitsinje ikadzaza. Mu Julayi ndi Ogasiti njira imakhala youma ndipo amakaniko amakhala ndi mpata.

Choncho nzeru ndi yakuti maola 50 akwane m'nyengo yachisanu momwemo, sevisi ichitike mwezi wa Seputembala usanathe. Masamu ake ndi osavuta. Maola awiri pa tsiku, masiku asanu pa mlungu, amakwanitsa maola 50 m'milungu isanu. Thirakitala yofika mu Juni ikhoza kukhala itachitidwa sevisi pofika mu Ogasiti.

NJIRA ZACHIDULE ZIMENE ZIMAONONGA

Pali njira ziwiri zachidule zimene zimaoneka ngati zanzeru koma si zabwino.

Yoyamba ndi kuliza injini pansi pa mtengo tsiku lonse kuti kawotchi kayende. Izi zimaononga injini yatsopano. Maringi a pisitoni amakhala bwino pokhapokha injini ikamakoka katundu, chifukwa mphamvu ya moto wa m'kati ndiyo imawakankhira ku khoma. Injini ikamangolira yokha osatentha mokwanira, dizilo sapsa bwino, ndipo makoma a m'kati amachita kuterera ngati galasi. Injini yotere imadzayamba kudya oyilo ndi kufuka utsi idakali yatsopano. Kuwonjezera apo, pa mathirakitala ena kawotchi kamayenda molingana ndi liwiro la injini, kotero kuti kuliza pang'onopang'ono kumangotha dizilo, maola osawonjezereka kwenikweni.

Yachiwiri ndi kuitana makaniko msanga, thirakitala ili ndi maola 10 kapena 15, poganiza kuti zathera pomwepo. Pa maola amenewa zitsulo zimakhala zisanamalize kukhalana. Tizidutswa timapitiriza kugwa mu oyilo watsopanoyo, ndipo oyilo ameneyu amadzakhala m'kati mpaka sevisi yachiwiri, imene pa mitundu yambiri imabwera pa maola 250 kapena 300. Ndiponso injini zina zimabwera ndi oyilo wapadera wothandiza zitsulo kukhalana, amene sayenera kukhetsedwa nthawi yake isanakwane.

Akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Chofunika ndi kupatsa thirakitala ntchito yeniyeni, yosalemetsa kwambiri komanso yosapepuka kwambiri, mpaka maolawo atakwana.

Ngati pa zifukwa zina maola sakukwana ndipo mvula ikuyandikira, mwachitsanzo kawotchi kali pa 40 mu Okutobala, mwini wake akambirane ndi wogulitsa. Kusiyana kwa maola ochepa ogulitsa ambiri amakuvomera, koma zimene agwirizana zilembedwe m'buku. Mabuku ena amaikanso malire a miyezi, kunena kuti sevisi ichitike maola akakwana kapena miyezi ikatha, chimene chayamba kufika. Pa mitundu yambiri, oyilo wa injini sayenera kupitirira chaka ali m'kati, ngakhale thirakitalayo itakhala kuti yangoima.

NTCHITO ILIPO M'CHISANU

Ntchito yopatsa thirakitala m'miyezi imeneyi siisowa ku Chiputo. Pali kututa chimanga chotsalira m'minda, kutengera mabelo a fodya kumalo ogulitsira, kututa manyowa m'makola kupita nawo kumunda, ndiponso kunyamula mchenga, miyala ndi njerwa, popeza chilimwe ndiyo nthawi yomanga. Ngolo yodzaza mwachikatikati pa msewu wa zitunda imapatsa injini ntchito yosinthasintha, imene ndiyo imafunika.

Kugalauza nthaka kukolola kutangotha, mu Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni chinyontho chisanathe, ndi ntchito yabwino kwa injini yatsopano komanso kwa munda, chifukwa mapesi amakwiririka n'kuola. Minda ya m'mbali mwa madambo imalimikanso m'miyezi imeneyi. Koma nthaka ikauma gwa, monga zimakhalira mu Ogasiti ndi Seputembala m'minda ya kumtunda, kuikakamiza pulawo ndi kuzunza makina.

Woyendetsa amvetsere kulira kwa injini. Ikayamba kubuula ndi kutulutsa utsi wakuda, atsitse giya. Asamayende pa liwiro limodzi tsiku lonse, koma azisintha magiya ndi mphamvu. Kuzunguza makina otonola chimanga kumawerengedwanso, koma kusakhale ntchito yokhayo.

Nyengo imeneyi ndi yabwinonso kuzula zitsa. Minda yambiri ya m'dera lino inatsegulidwa ndi nkhwangwa ndi moto, ndipo zitsa zinatsala m'nthaka. Khasu ndi ng'ombe zimazilambalala, koma disiki ya pulawo ikagunda chitsa imasweka kapena kuthyola bering'i. Ofuna kulimiridwa mu Novembala ayambe kukumba zitsa mu Julayi.

M'MAWA WOZIZIRA

Chisanu cha ku Maravia sichifanana ndi cha ku Ulaya kapena ku Canada, kumene dizilo amaundana ndipo alimi amasintha oyilo kuika wopepuka. Oyilo wodziwika wa 15W-40 amakwanira chaka chonse m'dera lino, pokhapokha buku litanena zina. Komabe kuzizira kwa Juni ndi Julayi kuli ndi mavuto ake.

Loyamba ndi madzi. Usiku kukazizira, m'thanki yosadzaza mumachita mame, ndipo madontho ake amatsikira mu dizilo. Madzi amaononga pampu ndi manozo, zimene ndi zitsulo zodula kwambiri. Mankhwala ake ndi kudzaza thanki madzulo poweruka, osati m'mawa, ndi kukhetsa kabotolo kolekanitsa madzi ndi dizilo tsiku lililonse injini isanalizidwe. Dizilo wa m'migolo ndi m'zigubu adikhe kwa tsiku lathunthu asanathiridwe, ndipo wa pansi penipeni asalowe m'thanki.

Lachiwiri ndi maulendo aafupi. Injini yolizidwa mphindi khumi n'kuzimitsidwa siitentha mokwanira kuti chinyezi cha m'kati chiume, ndipo chinyezicho chimasakanikirana ndi oyilo. Batire nayo siidzaza pa ulendo wotere, pamene kuzizira kumaifooketsa kale. Ndi bwino kusonkhanitsa ntchito zing'onozing'ono kuti thirakitala ikalira igwire ola limodzi kapena awiri.

Polizira m'mawa, woyendetsa ayambe wayatsa chotenthetsera ngati thirakitalayo ili nacho, ndipo asapotoze kiyi nthawi yaitali osapumira. Injini ikalira, aipatse mphindi zochepa kuti oyilo afike paliponse, kenaka ayambe ndi ntchito yopepuka.

Chizolowezi chosonkha moto pansi pa injini, chimene madalaivala ena a malole akale ankachita m'chisanu, chisayerekezedwe. Mathirakitala a masiku ano ali ndi mapaipi a mphira ndi mawaya ambiri. Kuthira petulo mopita mpweya kuti injini ilire msanga n'koopsanso. Ndipo injini isalizidwe m'shedi yotseka, chifukwa utsi wake umapha.

Lachitatu ndi fumbi, limene limachuluka mphepo ya mu Julayi ndi Ogasiti ikayamba. Fyuluta ya mpweya izionedwa kawirikawiri. Makoswe nawo amakonda kubisala m'makina oima pafupi ndi nkhokwe ndipo amadula mawaya.

TSIKU LA SEVISI

Kawotchi kakafika pa maola 35 kapena 40, imeneyo ndiyo nthawi yoimbira wogulitsa kuti apangane tsiku. Kudikira kuti kafike pa 50 ndiye n'kuyamba kufunafuna makaniko ndi kuchedwa.

Mwini wake afunse ngati makaniko adzabwera ndi oyilo ndi mafyuluta onse, ndiponso kuti ndi ziti zimene kampani imalipira ndi ziti zimene mlimi amalipira. Ogulitsa ena salipiritsa ntchito ya manja pa sevisi yoyamba koma amalipiritsa oyilo, mafyuluta ndi ulendo. Ndalama imeneyi iikidwe padera tsiku logula thirakitalayo, pamene thumba likadali ndi kanthu. Eni mathirakitala oyandikana, kaya a ku Fingoe, Malowera kapena Chipera, akhoza kugwirizana tsiku limodzi n'kugawana mtengo wa ulendo wa makaniko. Alangizi a ku ofesi ya zaulimi ya boma la Maravia, yodziwika kuti SDAE, ndi anthu oyenera kuwafunsa za eni makina ena a m'deralo.

Amakaniko a njinga zamoto ndi zigayo alipo aluso m'misika ya m'malire, ndipo zitsulo zina zimapezeka kutsidya ku Zambia. Koma pa nthawi imene garantia ikugwira ntchito, fyuluta yosadziwika kochokera kapena dzanja la munthu wosavomerezedwa ndi kampani likhoza kuthetsa lonjezo lija.

Pa tsikulo thirakitala iyambe yagwira ntchito pang'ono kuti oyilo atenthe, chifukwa oyilo wozizira amatuluka mochedwa ndipo amasiya zinyalala pansi. N'chifukwa chake m'chisanu sevisi imayenda bwino dzuwa litakwera kusiyana ndi m'mamawa. Malo ake akhale osalala ndi opanda fumbi.

Woyendetsa akhalepo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Aone pothirira girizi paliponse, aphunzire kuyeza oyilo ndi kukunga lamba, ndipo anene chilichonse chachilendo chimene wamva kapena kuona m'maola 50 aja. Pomaliza, tsiku, maola ndi zonse zimene zasinthidwa zilembedwe m'buku ndipo makaniko asaine.

Oyilo wakuda wotsalayo asungidwe m'chigubu chotseka. Asatayidwe mumtsinje kapena pafupi ndi chitsime, ndipo asapakidwe pa zilonda za ng'ombe monga ena amachitira.

PHUNZIRO LA M'MBUYO

Dziko la Mozambique linaonapo mathirakitala ambiri akufa adakali aang'ono. Ufulu utabwera mu 1975, boma linaitanitsa makina ochuluka a minda yake ikuluikulu, ndipo linakhazikitsa kampani ya Mecanagro yobwereketsa mathirakitala. M'chigawo cha Tete, munda wa boma wa CAIA ku Angonia unali umodzi mwa minda yotchuka. Pofika m'zaka za m'ma 1980, makina ambiri m'minda yotere anali ataima chifukwa cha kusowa kwa zitsulo ndi amisiri, ndipo nkhondo inadzamaliza zotsala.

M'zaka za 2015 ndi 2016, boma linalandira mathirakitala 513 a mtundu wa LS opangidwa ku Brazil, kudzera mu ngongole ya pulogalamu ya Mais Alimentos. Anagawidwa m'malo 96 obwereketsa makina kwa alimi m'dziko lonse. Ofufuza amene anayendera malowa pambuyo pake anapeza kuti kusweka kwa zipangizo m'minda ya zitsa, kudula kwa zitsulo ndi kutalika kwa kumene kuli amakaniko anali ena mwa mavuto aakulu. Pulogalamu ya Sustenta, imene inayamba mu 2017 ku Nampula ndi Zambezia n'kufalikira dziko lonse mu 2020, inaperekanso mathirakitala pa ngongole kwa alimi ena.

Mbiri imeneyi ikuonetsa kuti kupeza thirakitala ndi gawo losavuta. Chovuta ndi kuisunga yamoyo kudera lakutali ndi mzinda. Ngongole siima chifukwa chakuti makina aima.

Kwa mudzi umene uli ndi thirakitala imodzi, nkhaniyi si ya mwini wake yekha. Mayi amene wagulitsa mbuzi kuti alipire kulimitsa hekitala yake, ndiponso bambo amene ng'ombe zake zinafa ndi matenda, onse amadalira makina omwewo. Akaima pakati pa Novembala, mabanja amenewa amabwerera ku khasu nthawi itatha kale.

M'mera mpoyamba. Thirakitala yofika mu Juni ipatsidwe ntchito mu Julayi, wogulitsa aimbiridwe kawotchi kali pa 40, ndipo oyilo woyamba atuluke Seputembala asanathe. Ikatero, imalowa m'nyengo yolima ili ndi maola 200 kapena kuposerapo patsogolo pake isanafunenso makaniko, amene ndi okwanira kulima mahekitala oposa 60 mvula idakali pachiyambi.